Kazembe wa ku Mangalande ndi Rakaa Yachisanu

Dzuwa litapendeka, nthawi ya Swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo, itayandikira, pakhomo pa Shehe Maymun bin Tayyib mumzinda wa Safi, kugombe la Morocco, panafika mlendo. Anali Mngelezi, dzina lake Ambrose Kelby, kazembe wa mfumu ina ya ku Mangalande. Okamba nkhaniyi satchula dzina la mfumuyo, ndipo m'mabuku a mbiri musavutike kuifunafuna. Amangoti zinachitika kale, masiku amene zombo zinkayenda ndi mphepo.

Kelby anavala jekete lokhuthala ndi chipewa cha nthenga, zovala zoyenera kwawo kozizira. Thukuta linali kamukamu, koma jeketelo sakanavula, poti ankaganiza kuti ulemu wa mfumu yake unali m'menemo. Chiarabu ankachilankhula bwino, chifukwa ali mnyamata anachitapo malonda a shuga m'dera lomwelo. Ulendo uno anatumidwa kukapempha ngongole kwa Sultani, mfumu ya dzikolo. Sultani anamudyetsa bwino, namupatsa kavalo, namukaniza mwaulemu. Chombo chobwerera kwawo chinali padoko, chikungodikira mphepo, ndipo Kelby sankadziwa ngati akwere kapena atsale. Kukwera kunali kukapereka khosi lake. Kutsala kunali kusiya mkazi wake ndi ana ake aakazi m'manja mwa anthu omuda.

Kelby anawapeza Shehe atakhala pamkeka pabwalo la nyumba yawo, nkhalamba yowonda ya mkanjo wazigamba, imene oweruza a mumzindawo ankabwera kudzaifunsa malamulo akawathina.

"Mwalandiridwa, bwana kazembe," anatero Shehe. "Khalani pamthunzipa. Nkhope yanu ikuoneka kuti yasowa tulo."

"Zikomo, Shehe. Ndamva kuti ndinu munthu wanzeru, ndipo nzeru za kwathu zandithera. Sindine wa chipembedzo chanu, koma mwina simungandibweze."

"Nzeru mwini wake ndi Allah. Ine ndili ndi makutu awiri okha. Kambani."

Kelby anayamba ndi mawu a kubwalo la mafumu, osankhidwa bwino, koma posakhalitsa mawuwo anamuthera, n'kuyamba kulankhula ngati munthu wamba wa mantha.

"Mosungira chuma cha mfumu yanga muli mbee. Kwathu mfumu siikhazikitsa msonkho watsopano popanda aphungu a nyumba ya malamulo kuvomereza. Inawaitana, iwo anati ayi, iyambe yamva madandaulo awo. Inapsa mtima n'kuwabalalitsa, ndipo zaka zapita isanawaitanenso. Kuti tipeze ndalama tinagulitsa maudindo aulemu kwa aliyense wa thumba lolemera. Malonda a sopo ndi mchere tinawapereka kwa anthu ochepa, mitengo n'kukwera. Tinatolera msonkho wa zombo ngakhale kwa alimi a kumtunda amene sanaonepo nyanja. Kenako mfumu inalamula kuti anthu a kumpoto azipemphera ndi buku limene inasankha yokha ndi mabishopu ake. Iwo anataya bukulo n'kutola mfuti. Tsopano pakufunika asilikali, asilikali akufuna malipiro, ndipo ine ndikubwerera chimanjamanja. Mfumu iyenera kuitananso aphungu aja. Akakhala pansi, choyamba kufuna ndi mutu wanga, chifukwa misonkho ija ndinkaitolera ndine."

"Nanga mfumu ikuti chiyani za mutu wanuwo?"

"Inandilonjeza kuti palibe adzandikhudze."

Ananena mawuwo akuyang'ana pansi. Munthu wokhulupirira lonjezo sayenda ndi thukuta lotero kukafunsa mkulu wa chipembedzo cha eni.

Shehe asanayankhe, mawu oitanira Swala anamveka kuchokera kumzikiti. Chifukwa cha miyendo yofooka, Shehe ankaswalira pabwalo pomwepo, ndipo ophunzira awo ndi anansi ankabwera kudzaima kumbuyo kwawo. Anapepesa kwa mlendo nadzuka. Kelby anatsala pakhonde akuonerera.

Swala ya Asiri ili ndi zigawo zinayi zimene timati marakaa. Pa rakaa iliyonse anthu amaimirira, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi, onse motsatira imamu amene ali kutsogolo. Ikatha rakaa yachinayi amakhala pansi n'kumaliza ndi salamu, moni wa mtendere. Tsiku limenelo, itatha yachinayi, Shehe m'malo mokhala anadzuka kuyamba yachisanu. Ngakhale Kelby, amene paunyamata wake anaonerera Asilamu akuswali kambirimbiri, anadziwa kuti nkhalamba yasokonezeka. Ndipo, kunena zoona, mumtima anakondwerako pang'ono, monga amachitira munthu wogwa akaona mnzake akupunthwa.

Kumbuyo palibe amene anadzuka. Mzere wonse unakhala pansi, ndipo mawu anamveka, osakweza, osanyoza: "Subhanallah," mawu olemekeza Allah amene amakumbutsira imamu akaiwala. Shehe anabwerera pansi nthawi yomweyo, namaliza Swala. Atapereka salamu anagwetsanso nkhope pansi kawiri, monga amachitira woiwala, anthu onse n'kugwetsa nawo. Kenako anthuwo anawapatsa moni n'kumapita, ngati kuti palibe chimene chachitika.

Shehe atabwerera pamkeka, Kelby anati, "Mundikhululukire funsoli, Shehe. Ena mwa anthu aja munawaphunzitsa ndinu kuwerenga. Lero akudzudzulani pamaso pa mlendo. Simunachite manyazi?"

"Ndinachita, pang'ono. Ukalamba tsiku lina umandibera rakaa, tsiku lina umandiwonjezera. Koma akanadzuka nane, manyazi aakulu akanandidikira pamaso pa Allah."

"Kwathu timati mfumu inaikidwa ndi Mulungu, ndipo woifunsa ndi Mulungu yekha."

"Nafenso timati imamu anaikidwa kuti azitsatiridwa. Akawerama, tiwerame. Kumutsogolera n'kulakwa. Koma mwaona nokha zimene achita. Palibe amene watuluka, palibe amene wandikoka mkanjo. Akhala pansi, atchula dzina la Allah, n'kundidikira. Ndikanakhala wowathamangitsa anthu otere, tsiku lina ndikanatembenuka popereka salamu n'kupeza kumbuyo kulibe munthu. Woswali yekha sitimutchula imamu."

Kelby anaganiza za nyumba ya malamulo ija, zitseko zake zokhoma ndi mabenchi odzaza fumbi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti aphungu aja sanathawe mfumu. Anangokana kudzuka nayo.

"Ndiye kuti mfumu yanga ingathe kukonza?"

"Ngati inalakwa mosazindikira, njira ilipo, ndipo ndi yaifupi. Ibwerere pansi pamene anthu ake akhala, igwetse nkhope, ivomere."

"Sidzatero," anatero Kelby, mawu ali pansi. "Ndaitumikira kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Ndi munthu wopemphera, wokonda ana ake, koma mawu akuti ndalakwa sanatulukepo pakamwa pake. Imakhulupirira kuti ikawatchula yanyoza Mulungu amene anaiveka chisoti."

Apa anavula chipewa chija n'kuchiika pamkeka. Funso limene linamubweretsa linali lisanatuluke, ndipo analitulutsa tsopano, mwamantha, akuyembekeza kuti mwina nkhalambayo imupatsa kachitonthozo koti akwere nako chombo.

"Nanga ine, Shehe? Ine sindine mfumu. Ndinali kumbuyo kwake, ndinangomvera. Mwanena nokha kuti wotsogolera azitsatiridwa. Mtumiki womvera mbuye wake ali ndi mlandu wanji?"

"Ndikufunseni chimodzi, bwana kazembe, ndipo ngati simufuna musayankhe. Pamene mfumu inkadzuka, inu munkadziwa kuti rakaa zatha?"

Kelby anakumbukira m'mawa umene mfumu inafunsa nduna zake za kubalalitsa aphungu. Iye anali atauza kale mkazi wake pa chakudya kuti zimenezi zidzagwetsa dziko m'moto. Koma m'chipinda chija mfumu inayang'ana nduna imodziimodzi, ndipo maso ake atafika pa Kelby, Kelby anaweramitsa mutu n'kunena kuti nzeru za mfumu n'zakuya. Patapita mwezi anapatsidwa udindo ndi nyumba yaikulu.

"Ndinkadziwa," anatero.

Shehe anapumira m'mwamba. Sanali munthu wokondwera ndi kulasa mnzake, ndipo chisoni chinaoneka pankhope pawo.

"Ndiye ndikuuzeni zimene timaphunzitsa, poti mwafunsa. Imamu woiwala Swala yake imakonzeka ndi kugwetsa nkhope kawiri kuja. Wakumbuyo amene wadzuka naye chifukwa nayenso anaiwala, alibe mlandu. Koma amene wadzuka naye akudziwa bwinobwino kuti rakaa zatha, Swala yake yawonongeka. Kumvera kwake sikumuphimba, chifukwa anaikidwa kumbuyoko kuti atsatire, komanso kuti akumbutse."

Kelby anaphimba nkhope ndi manja. Anabwera kudzafuna pothawira, ndipo khomo lomaliza linali litatsekeka. Kuchokera kudoko kunamveka amalinyero akuitanizana, chifukwa mphepo inali itayamba kutembenuka.

"Nditani tsono? Ndikatsala kuno ndikhala ndi moyo, koma adzalanda nyumba, ana anga adzapemphetsa mumsewu ndi dzina la bambo wothawa. Ndikapita... Ndiuzeni chokhachi, Shehe. Mfumu idzasunga lonjezo lake?"

"Zobisika akuzidziwa Allah yekha," anatero Shehe. "Ine ndingonena zimene ndaona m'zaka zangazi. Swala yowonongeka munthu saithawa, amaibwereza. Kwerani chombo, mukaime kumbuyo kwa mfumu yanu, mukanene mawu amene munameza tsiku lija, ngakhale achedwa. Ana anu adzakhala ndi bambo amene anabwerera. Koma sindikunamizani kuti mukapeza moyo. Mfumu imene sinaphunzire kugwetsa nkhope yake pansi, tsiku lokonza cholakwa likafika imafuna mutu wina woti ugwe m'malo mwake. Ndipo amene waima pafupi nayo ndinu."