Zitseko Zitatu za Nangondo

Kalekale, koma osati kale la mikondo ayi, kale lomweli la maminibasi ndi makhonsolo, mu mzinda wina munali mayi wamasiye dzina lake Nangondo. Mwamuna wake anamusiyira kanyumba ka njerwa zootcha, ndipo m'menemo ankakhalamo ndi adzukulu asanu. Munda analibe, penshoni analibe.

Mchimwene wake Dzoole, mmisiri womanga nyumba, ndiye anabwera ndi nzeru. "Achemwali, bwalo lonseli likungogona. Timangepo zipinda zitatu za lendi."

"Nanga pulani ya ku khonsolo?" anafunsa Nangondo.

Dzoole anaseka. "Pulani ya chiyani? A khonsolo sayenda Loweruka ndi Lamulungu. Akamadzabwera Lolemba adzapeza malata ali pamwamba."

Ha, nzeru zinazi, abale! Anamangadi motero, Loweruka ndi Lamulungu lokhalokha. Zipinda zitatu zogundizana zinaima m'mbali mwa msewu, kuchokera ku mpanda uku mpaka ku mpanda uko, n'kungosiya kampata koti munthu adutse cham'mbali. Choyamba analowamo Dzoole mwini. Chachiwiri anachita lendi Kamtedza, mesenjala wa ku khonsolo komweko. Chachitatu anatenga Nasiyani, mayi wokazinga mandasi, yemwe mwamuna anamuthawa atangobereka mapasa. Zaka zinayi zinatha, khonsolo ili zii.

Lachitatu lina masana, Nangondo akuyanika zovala, anangoona Kamtedza akulowa pa kampata paja thukuta lili kamukamu.

"Mayi, kwaipa. Ndimanyamula mafayilo ndiye ndaona ndi maso angawa. Mawa m'mawa kukubwera chikatapila, ndipo dzina lanu ndi lachiwiri pa mndandanda. Akugumula zonse, ndi nyumba yanu yomwe. Akuti kalata yokuchenjezani anatumiza kale."

"Kalata iti? Ine sindinalandire kalata!"

"Zimenezo zisiyeni. Mukalipira chindapusa n'kuwaonetsa risiti asanayambe, aimitsa. Atiuza kuti wotulutsa nkhaniyi aona zakuda, koma sindikanatha kukhala chete."

Anaonadi zakuda. Pakhoma pali makutu, ndipo dzuwa lisanalowe ntchito ya Kamtedza inali itatha.

Nangondo anazungulira bwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Chindapusacho akanachipeza kuti tsiku limodzi? Dzoole manyazi anamugwira. Kenako analowa m'chipinda mwake n'kutulutsa wilibala, levulo yoyezera khoma, mipeni yomangira, zonse zimene zinkamudyetsa, n'kuzimangirira pa njinga. Anapita nazo kumsika n'kugulitsa pa mtengo wolira, ndi njinga yomwe. M'mawa mwake anakaima pa mzere ku khonsolo zitseko asanatsegule. Koma inu mukuwadziwa a pa windo aja. Uyu wapita kukamwa tiyi, uyo akufunafuna chidindo.

Dzoole akadali pa mzerepo, chikatapila chinafika, nthaka n'kumanjenjemera. Nyumba yoyamba pa mndandanda inagwa anthu akuona, fumbi koboo! Nangondo anangokhala pansi n'kugwira mutu. Apo ndi pamene Nasiyani anatuluka. Mwana mmodzi kumbuyo, wina m'manja, anakoka mbaula yake n'kuiika pakati penipeni pa njira ya chikatapila. Anatereka chiwaya n'kuyamba kukazinga mandasi.

"Mayi inu, chokani apo!" anakuwa woyendetsa.

"Ndichoka mandasi akapsa, bambo. Ufa ulipo wambiri."

Anamunyengerera, anamuopseza, wapolisi wina mpaka anamukoka pa mkono, mafuta otentha n'kumukhavukira Nasiyani pa dzanja. Anakuwa, ana analira, koma sanadzuke. Maola awiri athunthu anakhala pa dzuwapo, mpaka Dzoole anatulukira akuthamanga wapansi, risiti ili m'mwamba.

Anthu anaimba nthungululu. Nangondo analira ndi chimwemwe, nanena mokweza kuti, "Anthu atatu inu, kwanu ndi pano mpaka imfa!"

Pakamwa sipachedwa, abale anga. Mkulu wa ku khonsolo, bambo wamfupi wa fayilo kukhwapa, anaiwerenga risiti ija kawiri, nayendera ploti yonse. Atamaliza anati:

"Mayi, nyumba yanu yapulumuka. Koma mwatseka njira. Moto utabuka kuseri kuno, galimoto yozimitsa moto idzera pati? Chipinda chimodzi chigwe. Chilichonse, kwa ine zilibe kanthu, bola mpata upezeke." Anatulutsa kachitini ka penti wofiira ndi bulashi m'galimoto n'kumupatsira m'manja. "Lembani chizindikiro pa chitseko chimene mwasankha. Tibweranso Lolemba m'mawa. Tikapeza zitseko zonse zili zoyera, zigwa zitatu zonse."

Musafulumire kunena kuti wochotsedwayo akanalowa m'nyumba ya Nangondo. Alowa pati? Adzukulu ena ankagona kale pansi pa tebulo. Ndipo m'dera lonselo, nyumba zitagwa chotero, chipinda cha lendi chinkasowa ngati nyanga ya galu.

Kuyambira tsiku limenelo Nangondo chakudya sichinkalowa. Akakhala pansi ankadzuka, akadzuka ankaiwala chimene wadzukira. Kachitini kaja anakabisa kuseri kwa ndowa, kenako anakachotsa n'kukaika pa windo, kenako anakabwezeranso. Atatu aja nawo anasiya kupatsana moni bwinobwino.

Loweruka Kamtedza anamupeza Nangondo pa mpopi. "Mayi, ine sindikudandaula. Koma ndikanatseka pakamwa, lero bwenzi ndili pa ntchito, inu muli panja. Munthu wopanda ntchito, ndani angamupatse nyumba?"

Kenako panabwera Nasiyani. Anangomuonetsa dzanja lopsa lija, atalimanga nsalu. "Amayi, anawa ndipita nawo kuti? Mvula ili pafupi."

Dzoole ndiye anafika mokalipa, monga amachitira munthu amene akudziwa kulakwa kwake. "Achemwali, ndinalakwa, inde, ndine ndinamanga mopusa. Koma ndatsala manja okhaokha chifukwa cha inu. Tinayamwa bere limodzi ife. Mundithamangitse ine, musunge alendo? Kumudzi mukawauza chiyani?"

Anthu oyandikana nawo, eee, aliyense ndi lamulo lake. Ena ankati chibale ndi fupa, sichiola. Ena ankati wayambitsa moto ndiye auzime, Dzoole achoke. Ena ankati Kamtedza ndi mwamuna wopanda banja, akhoza kugona paliponse. Enanso ankanong'ona kuti mayi woika ana ake kutsogolo kwa chikatapila ndi wamisala, osati ngwazi. Nangondo ankamvera onse, ndipo aliyense akamalankhula ankaoneka wolondola. Mtima unamupweteka kwambiri, pakuti onse atatu ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti pakanasowa mmodzi yekha mwa iwo, adzukulu ake bwenzi akugona pa zigumukire.

Lolemba kunacha. Kumunsi kwa msewu kunamveka kulira kwa chikatapila, kukuyandikira pang'onopang'ono. Nangondo anatsegula kachitini kaja ndi mpeni, naviika bulashi, naima pa msewu moyang'anana ndi zitseko zitatu. Pa khomo lililonse panali mwini wake akumuyang'ana, osaphethira. Penti ankadontha pa phazi lake.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, ndipo musandiyang'ane ngati yankho ndalibisa m'thumba. Wina anataya ntchito, wina anataya zida zake, wina anapsa dzanja ana ali pa thupi. Mukazengereza zigwa zonse. Bulashi ija ikanakhala m'manja mwanu, inu mukanalemba chitseko cha yani?