Khomo la Malume Amene Sanaphe Mayi

Kalekale nkhondo ya kwa eni inkafika kuno pa mapazi otupa a munthu wothawa, ndipo tinkayamba tamupatsa madzi tisanafunse kuti wolakwa ndani. Dzana, ndikumetetsa pa Mponela, ndinaiona ikufika pa foni. Anyamata anayi anaunjikana pa kagalasi kamodzi, nyumba zikugumuka m'menemo. Wina akuti, "Akamuchotse basi wolamulira wa kumeneko, watikwana ameneyo!" Mnzake akuti, "Akamuchotse ndani, dzikolo ndi la bambo ako?" Ankakangana ngati za mpira. Ine ndinachona zaka makumi atatu ku migodi, ndipo kumeneko ndinatolako nthano iyi.

Panali abale atatu, Kachingwe, Dzoole ndi Kamwendo, ndi mlongo wawo mmodzi yekha, Nambewe. Mlongoyu anakwatiwa chitengwa kutsidya kwa mtsinje, m'dziko la Chimbalanga, wolamulira amene ukatsokomola iye akulankhula, abale ako ankangotola nsapato zako. Kumeneko Nambewe anabereka mwana mmodzi wamkazi, Lekeleni.

Chaka china Nambewe anatumiza uthenga: "Alongo anga, kuno kwaipa. Dzanditengeni mlatho ukadali wotsegula."

Mkazi wa chitengwa sangonyamuka yekha. Amakamutenga mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali Kachingwe, wamkulu. Iyeyu ankagulitsa mchere kwa asilikali olondera mlathowo, ndipo ankadyera nawo mbale imodzi.

"Za eni n'za eni," anatero Kachingwe. "Chimbalanga ndi fisi, inde, koma ndi fisi wawo. Tikakamutenga mlongo wathu lero, ndiye kuti talengeza kuti dziko lawo lawola. Apirire, mphepoyi idutsa."

"Mukuopera mlongo wathu kapena mchere wanu, achimwene?" anafunsa Dzoole. "Fisi sanyengereredwa. Ine ndikupita kwa anthu a ndege za nkhondo, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo komweko kamachekanso khosi," anayankha Kamwendo, wamng'ono. "Nonse awiri ndinu amantha. Wina wabisala kuseri kwa mwambo, wina kuseri kwa mlendo. Chimbalanga agwetsedwe ndi anthu ake omwe. Ife tingowanolera nkhwangwa."

Anabalalika osatsanzikana.

Kachingwe sanapite. Anabweza mthenga ndi nkhuku imodzi ndi mawu akuti pirira. Patatha miyezi itatu mlatho unatsekedwa.

Kamwendo anawoloka pa bwato, atakulunga mfuti m'mphasa, kupititsira anthu oukira amene ankabisala m'mapiri. Atasowa pozisunga, anazikwirira pansi pa chimanga m'nkhokwe ya mlongo wake.

"Masiku awiri okha, alongo," anatero.

Tsiku lachitatu kunabwera asilikali. Mwamuna wa Nambewe anamupachika pa mtengo wa mango wa pakhomo pake. Nambewe ndi Lekeleni, amene tsopano anali namwali, anawaponya m'ndende, nawauza kuti chingwe chawo chikudikira.

Dzoole anagogoda makomo a anthu a ndege chaka chathunthu. Za amasiye iwo ankamva akuyasamula. Tsiku limene anatchula miyala ya mtengo wapatali ya m'mapiri a Chimbalanga, anamupatsa mpando. Iye mwini anawajambulira ndi dzanja lake pamene panali nyumba za asilikali. Sanadziwe kuti ndende inagundana nazo khoma. Bomba litagwa, khomalo linagwera Nambewe. Pa mpata womwewo Lekeleni anakwawa n'kutuluka, kutatsala masiku anayi kuti apachikidwe. Chimbalanga anathawa pasanathe sabata ziwiri. Alendo anatchinga mapiri ndi waya, zina zonse n'kuzisiya, ndipo pamene panali fisi mmodzi panabadwa afisi makumi awiri, aliyense ndi mfuti yake.

Kamwendo ndiye anamupeza mtsikanayo m'ngalande, mwendo utathyoka. Anamubereka kumbuyo masiku asanu ndi limodzi, akumudyetsa chinangwa chakuba. Atafika pa mlatho anapeza alonda omwe aja, zipewa zokha zitasintha, akuwombera aliyense woyesa kuwoloka. Kachingwe atamva, anayenda mpaka pakati pa mlatho manja ali m'mwamba, nawaitana mmodzimmodzi mayina awo ndi a ana awo.

"Mwadya mchere wanga zaka khumi," anatero. "Uyo ndi mbumba yanga."

Chipata chinatseguka.

Tsopano Lekeleni anafika kwawo kwa mayi ake alibe munda, alibe denga, alibe womuimira ngati nkhoswe tsiku lina. Mvula inali pafupi. Amalume onse atatu anasesa pakhomo, aliyense akuti mwanayo ndi wake.

"Popanda ine akanafera pa mlatho," anatero Kachingwe.

"Popanda ine bwenzi chingwe chitamudya kale," anatero Dzoole. "Inu achimwene, nkhuku yanu ija inatsegula ndende?"

"Ndende anaitsegula ndi mutu wa mlongo wathu!" anakuwa Kamwendo. "Ine msana wanga sunawongokebe mpaka lero."

"Nanga anamulowetsamo ndani, iwe wa m'nkhokwe?" anafunsa Dzoole.

Lekeleni anawasiya mpaka malovu atawathera. Kenaka anagwada ndi bondo limodzi, poti linalo silinkapindika.

"Amalume, ndamva, ndipo nonse mwanena zoona," anatero. "Mayi ali pansi pa njerwa anandiuza kuti, 'Pita kwathu, ukakhale pakhomo pa mlongo wanga.' Dzina sanatchule, mpweya unawathera. Ine pena pake ndiyenera kulowa, sindingagone m'tchire. Koma sindingamuphikire munthu amene anandiphera mayi. Ndilozereni khomo la malume amene sanaphe mayi anga, ndilowa lero lomwe."

Anakhala pansi pa mphambano, pamene njira zopita ku makomo atatuwo zimasiyana. Panalibe anakweza chala.

Nthanoyi ine ndi mayi a kunyumba tinaikangana zaka zambiri, mpaka ena ankayesa tikulimbirana chuma. Iwo ankati Kachingwe ndiye anapha, chifukwa anaitanidwa ndi dzina njira ilipo, ndipo anayamba wayeza mchere wake. Ine ndinkati Kachingwe yekha ndiye sanabweretse mfuti kapena bomba. Iwo ankaseka n'kunena kuti, "Ndinu mwamuna inu, mumayesa kukhala chete si ntchito." Masiku ena tinkasinthana mbali osazindikira. Chaka chatha ndinawaika m'manda tisanagwirizane, ndipo tsopano ndikaifotokoza palibe amandidula pakamwa.

Choncho ndikupempha, wina mwa inu ailembe nthanoyi isanapite nane. Asaikometse, asawonjezere malume wachinayi wopanda banga. Pansi pake aike funso lomwe ndikukufunsani inuyo tsopano: wina anakana kulowerera, wina anaitana mlendo, wina anathandiza mobisa ndi nkhokwe ya mwini. Aliyense anapulumutsa mwana, aliyense anakumba nawo manda a mayi. Mitambo yada kale, ndipo mtsikana uja akadali pa mphambano. Kodi Lekeleni alowe khomo liti?