Ng'ala ya Che Mkwanda

Che Mkwanda anafika kwa Shehe Sumani Loweruka lina, anthu atangobalalika ku swala, mapemphero a masana kumzikiti. Anabwera atagwira phewa la mwana wawo wamkazi, Lukia, koma atayandikira khonde anachotsa dzanja, nakonza kofia, n'kukwera okha ngati munthu woona bwino. Ine ndinali pomwepo. Ndinabwera ndi mwana wanga kuti a Shehe amuchitire duwa, kumupempherera, chifukwa mano ankamuvuta, ndipo anali atagona pachifuwa panga. Nditafuna kunyamuka kuti ndipereke mpata, a Shehe anandiletsa ndi dzanja, kuopa kuti ndingamudzutse.

Kuno ku Ntaja palibe amene sawadziwa Che Mkwanda. Anali telala, ndipo mikanjo yambiri imene timavala pa Idi inatuluka pa makina awo. Atasiya kusoka anayamba kudyetsa mbalame zakutchire. Kuseri kwa nyumba yawo anakhoma thabwa pamtengo wa gwafa, ndipo m'mawa uliwonse ankathirapo msere ndi mapira, pansi pake n'kuikapo phale la madzi. Njiwa, mpheta ndi apumbwa zinkatera pamenepo mopanda mantha. Anyamata a malegeni ankadziwa kuti mtengo umenewo ndi woulambalala.

Atapatsana salamu ndi kufunsana za kunyumba, Che Mkwanda anakhala mowongoka, manja pamaondo.

"A Shehe, ndabwera ndi funso la chilamulo, ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe pamaso pa mwana wangayu kuti adzimvere yekha. Munthu akazoloweza cholengedwa cha Allah kudya kwa iye, kenaka n'kuchisiya ndi njala, kodi si tchimo limenelo?"

A Shehe anati funsolo ndi lolemera, ndipo sangaliyankhe asanadziwe kuti cholengedwacho n'chiyani komanso munthuyo akupita kuti. Lukia anapempha kuti alongosole iyeyo.

Anati maso onse awiri a bambo ake agwidwa ng'ala. Madokotala a ku Zomba anawapima n'kunena kuti angathe kuichotsa, ndipo anawapatsa tsiku la Lolemba likubwerali. Akachitidwa opaleshoni ayenera kukhala kunyumba kwa Lukiayo ku Zomba komweko masabata angapo, kuti aziwadonthezera mankhwala. Madokotalawo anachenjezanso kuti diso lakumanja lakhalitsa nayo ng'alayo, ndipo akapitiriza kuzengereza likhoza kuwonongekeratu. Koma bambo ake akukana kupita, ndipo aka sikoyamba. Chifukwa chake n'chimodzimodzi nthawi zonse: mbalame zidya chiyani.

"Dzana lomweli, a Shehe, ababa apereka salamu kwa thumba la makala," anatero Lukia.

"Linaima ngati munthu," anayankha Che Mkwanda. "Ndipo linali ndi ulemu kuposa ana ena. Silinandiyalutse pagulu."

A Shehe anabisa kumwetulira m'ndevu zawo. Anafunsa ngati panalibe wina woti n'kumathira mserewo masabata amenewo. Che Mkwanda anali atakonzekera funso limeneli kalekale. Anati mnzawo woyandikana naye nyumba amaweta mphaka, ndipo kumupatsa ntchitoyo n'chimodzimodzi kuitanira mphakayo phwando. Adzukulu awo ndi omwe aja a malegeni. Mpongozi wawo angathire gaga pansi, nkhuku za mudzi wonse n'kudzazana. Anawonjeza kuti mbalamezo zimadziwa chifuwa chawo. Akangotsokomola pakhomo la kuseri, zimayamba kutsika.

"Ndiponso taonani nyengo yake," anatero. "Chilimwe chino, tchire lapsa, mitsinje yauma. Ine ndikachoka, mbalame zija zifa. Ndidzayankha chiyani tsiku lachiweruzo?"

"Nanga masowo?" anafunsa a Shehe.

"Za maso musade nazo nkhawa. Ine ndine Msilamu, sindinayambe dzulo kuswali. Anandipatsa maso ndi Allah, ndipo akafuna kuti ndione, ndiona popanda mpeni wa dokotala. Ndinamusiyira Iye."

Mawu amenewa anawanena mokweza pang'ono, atatembenukira kumene ankaganiza kuti ndakhala, kuti nanenso ndiphunzirepo. Kumeneko kunali ndowa ya madzi, koma ndinavomera ndithu kuti ndamva.

A Shehe sanatsutse. Anayamba kufunsa za mbalamezo ngati munthu wofuna kuphunzira: kuti apumbwa amakonda chiyani, kuti njiwa zimabwera nthawi yanji, kuti akhwangwala amawathamangitsa bwanji. Che Mkwanda anamasuka. Anafotokoza kuti pumbwa salabadira msere koma ukamuikira papaya wakupsa amaiwala ulemu, kuti mpheta zimakangana ngati amayi pamjigo, ndiponso kuti pali njiwa ina yotsimphina imene imadikira zinzake zichoke. A Shehe anafunsa ngati njiwayo ikubwerabe. Che Mkwanda anazengereza, kenaka anati akukhulupirira kuti ikubwera. Anali asanaionenso chithere mvula.

Pamenepo a Shehe anawauza za iwo eni. Anati nawonso ali ndi alendo awo kuseri, pamene amasambira m'manja ndi m'mapazi asanaswali. Madzi amadikha pamenepo, ndipo mayi akunyumba amatayirapo mpunga wotsala. Chaka china iwo anathyoka mwendo, n'kukagona kwa mng'ono wawo ku Mangochi chilimwe chonse, mayi ali nawo komweko, nyumba ili yotseka. Usana uliwonse ankaganiza za njiwa zawo, mpaka kuzichitira duwa.

"Nditabwerera ndinathamangira kuseri ndi ndodo zanga," anatero. "Ndinazipeza zitanenepa kuposa mmene ndinazisiyira. Zinali zitatulukira chigayo cha mpunga kumsika kuja. Kunena zoona, Che Mkwanda, ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekeza kuti zindilandira zitawonda."

Che Mkwanda anaseka asanafune, mpaka mwana wanga anatakataka. Koma anadzigwira msanga, n'kunena kuti njiwa za a Shehe ndi za pafupi ndi msika, zozolowera kudzisakira. Zawo ndi zina.

A Shehe anavomera kuti mwina n'zoona. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati panalibe chinthu china chimene chikuwaletsa kupita, choposa mbalame. Anati pakhondepo palibe mlendo, ndipo wamng'onoyo ali m'tulo.

Che Mkwanda anasisita maondo awo. Anati mnzawo Che Ajibu, amene ankasoka naye pakhonde limodzi, analowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda yekha, koma anabwerako atamunyamula. Lukia anayankha mofatsa kuti a Ajibu linali vuto la m'mimba, osati maso, ndiponso anapita mochedwa atakana nthawi yaitali. Ananena zimenezi akukonza kolala ya mkanjo wa bambo ake, imene inali itapindika, ndipo iwo anamulola.

A Shehe anati mantha si tchimo. Anati iwo eni akaona jakisoni amayamba kuwerenga ma sura onse a m'Kurani amene amawadziwa, mpaka anamwino amawafunsa ngati akutsanzika.

"Ine sindinanene kuti ndikuopa," anatero Che Mkwanda, akuwongokanso. "Ndangokumbukira mnzanga. Ndabwera ndi funso la chilamulo, a Shehe, ndipo simunandiyankhe. Kusiya zolengedwa za Allah ndi njala, ndi tchimo kapena si tchimo?"

Lukia anayang'ana a Shehe ndi maso opempha. Iwo anasendera pafupi, nagwira dzanja la Che Mkwanda ndi manja awo onse awiri. Yankho limene anapereka ndi limene linakweza Che Mkwanda minibasi Lolemba m'mawa, ndipo masiku ano Che Mkwanda amalowetsanso okha ulusi m'singano. Ine ndalisunga kuti ndidzamuuze mwana wanga akadzakula.

"Che Mkwanda, msere uliwonse umene mwathira pathabwa paja ndi sadaka, chopereka chachifundo, ndipo Allah sadzaiwala. Mbalame ya m'khola mukanaitsekera n'kuchokapo, ndikanati ndi tchimo. Koma zanuzo zili ndi mapiko, ndipo zinkadya inu musanabadwe. Chimene chandidabwitsa ndi ichi: mwamukhulupirira Allah kuti angachize maso popanda dokotala, koma simukumukhulupirira kuti angadyetse mpheta popanda telala. Mbalame sanakusungitseni, ndi zake. Maso ndiwo anakusungitsani, ndipo adzakufunsani za iwo. Inu mwatenga ntchito yake, Iye mwamupatsa yanu. Mubwezereni mbalame zake, akulu, mutenge maso anuwo mupite nawo ku Zomba."