Mbale Yofiira ya M'mabango

Panali munthu wina, telala wa pakhonde la sitolo, amene ankakonda gofu wa mbale. Awa ndi masewera oponya mbale yapulasitiki kuchokera patali mpaka italowa m'dengu lachitsulo lokhala ndi maunyolo. Amene wamaliza madengu onse ataponya maulendo ochepa ndiye wapambana. Loweruka lililonse masana telalayu ankavundikira makina ake n'kupita kubwalo la kunja kwa tauni, kumene madengu anaimikidwa pakati pa mitengo ya bulugamu ndi damu laling'ono.

Sanali katswiri. Anali ndi mbale ziwiri zokha, zonse zokutha m'mbali, ndipo zinkakonda kukhotera kumanzere ngati zili ndi abale kumeneko.

M'mwezi wa Okutobala, madzi a m'damu ataphwera, mbale yake imodzi inagwera m'mabango. Akuifunafuna, anaponda chinthu cholimba m'matope. Atafukula anapeza kuti ndi mbale yofiira, ya munthu wina. Anaitsuka n'kuiponya kamodzi kuti angoona. Inauluka mowongoka ngati msoko wa makina atsopano, n'kukatera pafupi ndi dengu. Anaiponyanso, ndipo inachita chimodzimodzi. Anasangalala kwambiri, pakuti mpikisano waukulu wa pachaka unali Loweruka lotsatira, ndipo iye anali asanakhalepo m'gulu la anthu khumi oyambirira.

Kenaka anaitembenuza. Kunsi kwake kunali dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, Ndaziona, ndi nambala ya foni. Mozungulira dzinalo munali maina ena asanu ndi limodzi ang'onoang'ono, lililonse ndi kalembedwe kake. Telala anadziwa tanthauzo lake. Munthu akalowetsa mbale m'dengu ndi kuponya kumodzi kokha, onse amene aona amasaina pa mbaleyo. Ena amasewera zaka khumi osachita zimenezo.

Mwambo wa pabwalopo unali wodziwika: watola mbale yolembedwa dzina, imba foni. Iye anaimba ali chiimire m'matopemo. Foni inayankha kuti nambalayo sikupezeka. M'mawa mwake anaimbanso, yankho linali lomwelo.

Mnzake wina wosewera naye anamuuza kuti, "Achimwene, mwaimba kawiri. Mwambo mwaukwaniritsa. Mbaleyo tsopano ndi yanu."

Telala anavomera ndi mutu, n'kukaika mbaleyo pambali pa makina ake. Koma Lolemba anasoka thumba la buluku chozondoka. Lachiwiri anadula nsalu ya kasitomala mopelewera. Chimene chinkamuvuta ankachidziwa yekha: maulendo onse awiri anaimba foni ija akulakalaka kuti isayankhidwe.

Lachitatu anatenga mbaleyo n'kupita nayo poyera, padzuwa. Maina asanu anali atafufutika ndi madzi. Limodzi linkawerengeka: Gwaza. Iye ankawadziwa a Gwaza, bambo wokonza njinga kuseri kwa msika, amene ankasewera kale bondo lisanayambe kuwavuta.

A Gwaza ataiona mbaleyo anaika sipanala pansi n'kuyamba kuseka.

"Dengu la tsidya la damu lija," anatero. "Ndinalipo ine. Mwini wake ndi aphunzitsi, Mayi Ndaziona. Anaponya kamodzi, tonse tinangomva maunyolo kulira. Sabata yotsatira anaiponyanso pamalo omwewo, inakagwa pakati pa madzi. Tinasaka mpaka kutopa. Posakhalitsa anawasamutsira kusukulu ina kuseri kwa phiri, ndipo foni yawo inasiya kugwira."

"Ndi kutali?"

"Maola awiri pa minibasi. Koma bwanawe, mbale yakhala m'matope zaka ziwiri. Singadikire masiku asanu? Seweretsani Loweruka, mukapereke Lolemba."

Telala anapukusa mutu.

"Ndikaiponya Loweruka, Lolemba ndidzapeza chifukwa china," anatero.

Lachisanu m'mawa anavundikira makina, nakulunga mbaleyo m'kansalu kotsala pa diresi, n'kukwera minibasi.

Anafika pasukulupo nthawi yopuma. Aphunzitsi anali atakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mango. Atapereka moni, anafunsa za Mayi Ndaziona. Mayi wina wamfupi, wa choko m'manja, anaimirira.

"Ndine amene. Ndikuthandizeni, bambo?"

Telala anamasula kansalu kaja. Mayiyo anapukuta manja pa chitenje, nalandira mbaleyo ndi manja awiri, n'kuitembenuza. Maina amene telala analephera kuwerenga, iye anawatchula onse, limodzi ndi limodzi, akuloza ndi chala. Atafika pa lomaliza anali akuseka, misozi ikutsika.

Kenaka anatembenukira kwa mphunzitsi wamkulu.

"Ahedi, bwerani muwerenge nokha."

Apa m'pamene telala anamva nkhani yonse. Kwa zaka ziwiri mayiyo ankauza anzake za tsiku limene anaponya mbale kudutsa damu, n'kulowa m'dengu kamodzin'kamodzi. Pasukulupo panalibe amene anaonapo masewerawo, ndipo palibe anakhulupirira. Anamupatsa dzina loti Mayi Kamodzi. Iye ankaseka nawo, koma anali atasiya kuifotokoza nkhaniyo.

Ahedi anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono uku telala akuwafotokozera chifukwa chake anthu amasaina pa mbale, kenaka n'kuwavula.

"Ndiye kuti zinali zoona," anatero. "Amayi, tikhululukireni. Koma dzina lija sitichotsa. Tsopano ndi laulemu."

Wina anathamangira mu ofesi n'kubwera ndi dengu lotayamo mapepala. Analiika pampando kumapeto kwa bwalo la mpira, n'kuuza mayiyo kuti awaonetse. Mayiyo anavula nsapato, anapinda mkono, n'kuponya. Mbale inadutsa kutali ndi dengu, n'kukagwera m'munda wa chinangwa. Onse anagwa nacho chiseko, mwini wake kuposa onse. Aphunzitsi anapanga mzere, aliyense kufuna kuyesa, ndipo telala ankawagwira dzanja kuwaonetsa poika chala chachikulu. Belu lolowera linalira mochedwa tsiku limenelo.

Atadya nawo chakudya chamasana, mayiyo anamuperekeza mpaka kumsewu.

"Bambo, mwasiya ntchito yanu chifukwa cha ine. Ndikuthokozeni bwanji?"

"Mulembepo nambala yatsopano pa mbaleyo," anayankha telala.

Loweruka anasewera ndi mbale zake zakale. Pa anthu makumi awiri, iye anakhala wa nambala 14. Koma amene anayenda naye tsikulo amati sanaonepo munthu wogonja wosangalala chotero. Pa dengu lililonse ankayambanso kufotokoza za Ahedi ndi magalasi awo, mpaka anzake anachita kumupempha kuti akhale chete wina akamaponya.

Inu amene mwayamba kumene kusewera nafe, tsiku lina mudzatola mbale m'tchire, ndipo mwina idzakhala yabwino kuposa zanu zonse. Mudzaona pulasitiki ndi dzina la munthu amene simukumudziwa. Chimene mbaleyo ili kwa mwini wake simungachione mutaigwira m'manja. Mudzachiona pankhope pake mukakamupatsa. Choncho imbani foni ngati munthu wofuna kuyankhidwa. Ikakanika, funsani. Amene mwamufunsayo akapanda kudziwa, funsani wina. Ndipo musadikire kuti muyambe mwaiseweretsa.