Mfundo Yanu Yamveka

Kuchigwa kuno kunalibe munthu wosawadziwa a Duncan a pa wailesi. Ndikunena kawailesi kathu ka m'dera, kamene kamamveka kwa Tengani mpaka kutsidya kwa Mlolo. M'mawa uliwonse ankayendetsa pologalamu yoimba foni yotchedwa Tiuzeni. Dzina lokha ndilo linali Tiuzeni, koma wouza anthu anali iwo.

Mawu anali nawo, pamenepo tisawanamizire, ozizira ngati madzi a mumtsuko. Koma pakamwa pawo padamera timawu ngati namsongole. Akati atsegule kukamwa, "ndithudi ndithudi". Akapuma, "tinene kuti". Nanga chachikulu chija! Munthu akangoyamba kufotokoza, asanafike n'pakati pomwe, iwo ankalumphira: "Mfundo yanu yamveka, tipatse mwayi ena!" Foni thii.

Bambo wina wa kwa Tengani adaimba kuti ng'ombe yake yasowa. Asanatchule mtundu wake, kaya ya nyanga kaya yopanda nyanga, mfundo yake idamveka. Amayi a pamsika adaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuyambira pamenepo wina akamanenerera tomato ankangomuyankha kuti, "Yamveka, tipatse mwayi ena." A Duncan atamva kuti anthu akuwatcha a Yamveka, adanyada.

Priscilla, mtsikana wokhala pamakina olumikiza mafoni, adayesa kuwalangiza.

"Achimwene, anthu amagula mayunitsi kuti alankhule. Bwanji muziwasiya amalize?"

"Iwe, anthu a kuno ndimawadziwa ngati chikhatho changa. Akangoti 'a', ine ndadziwa kale kumene akupita."

Kunyumba nako kunali chimodzimodzi. Mkazi wawo Jesinta anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo mvula inali itayamba kulimbika. Tsiku lina akuwathirira madzi osamba m'manja adati, "Bambo, masiku ayandikira. Ndimaganiza kuti mwina ndipite..."

"Yamveka, yamveka. Ukufuna kwa amayi ako kwa Mlolo. Loweruka ndikuperekeza padoko."

"Ayi, ine ndimati..."

"Palibe vuto, mayi. Ine si mwamuna womana mkazi kwawo."

Jesinta adangoyang'ana pansi. Munthu ukamadulidwa mawu tsiku ndi tsiku, lilime limafika potopa. Loweruka adawoloka.

Sabata yotsatira mvula idagwa yosalekeza. Madzi adasefukira kwa Mlolo, misewu idasanduka mitsinje, magetsi adathima. Mudzi wa kwa Jesinta udatsala ngati chilumba, anthu ataunjikana pa tchalitchi pamene pali pokwererapo. Ndiye m'mawa wina, Jesinta matenda adamuyamba, ndipo amayi odziwa adaona kuti mwana wakhala mopingasa. Pankafunika bwato lomutengera kuchipatala.

Mayi ake, a Esinala, adabwereka foni yokhayo imene inali ndi kamoto kotsala. Adaimba nambala ya mkamwini wawo, koma a Duncan akalowa pa wailesi foni yawo ankaizimitsa. Wina adati, "Imbani pa Tiuzeni pomwepo. Eni mabwato onse amamvera."

Tsono apa mumvetse. A Esinala ndi anthu a mwambo. Chikwatire mwana wawo, anali asanakhalepo pamphasa imodzi ndi mkamwini, akakumana panjira ankapatukira kutchire, moni ankapatsana chapatali ndiponso chapansipansi. Lero alankhule naye dziko lonse likumva, nkhani yakenso ya kuchikuta, yosatchulidwa pamaso pa amuna? Komabe adaimba, ndipo Priscilla adawalumikiza.

"Ndithudi ndithudi, muli pa Tiuzeni! Tikulankhula ndi ndani?"

"Ndaphata miyendo, bambo," adayamba m'Chisena, kupepesa kuti awamvere. "Ndine mayi wa kuno kwa Mlolo..."

"Kwa Mlolo, ndithudi! Tinene kuti kwadzuka bwanji kumeneko?"

"Kuno madzi atizungulira. Ndiye mwana wathu uja, pepani kuti ndikulankhula ndi inu chonchi, mwana wathu uja..."

"Madzi, madzi! Tinene kuti aliyense lero akulira madzi. Ana akuvutika, mbewu zapita, tikudziwa. Mayi, mfundo yanu yamveka, tipatse mwayi ena!"

Thii.

Mawu a apongozi awo sadawazindikire. Akadawazindikira bwanji, poti anali asanawamvepo akulankhula mokweza? Priscilla adakweza dzanja kuseri kwa galasi. "Achimwene, mayi aja amalira." A Duncan adangomukupiza ndi dzanja ngati ntchentche, n'kuika nyimbo. A Esinala adayesanso, koma adapeza wina akupereka moni kwa anzake a mpira. Poyesa kenanso, foni idazima.

Chowawa n'chakuti a Sebastiano, mwini bwato la injini, nthawi imeneyo anali padoko ndi kawailesi kawo m'thumba la malaya. Adamva zonse. Adaimirira, chingwe chili m'manja, kudikira kuti mayiyo atchule mudzi. Kwa Mlolo ndi kwakukulu, ndipo mafuta anali ochepa. Atamva nyimbo, adatukwana n'kulowera kumene ankaganiza kuti madzi achuluka. Kunali kwina.

Anyamata a m'mudzimo adachita kumunyamula Jesinta pa chitseko, madzi ali m'chifuwa, mpaka adakumana ndi kabwato kopalasa dzuwa litapendeka. Pofika kuchipatala, anamwino adapulumutsa mayi yekha. Mwanayo anali wamwamuna. Sadalire.

A Duncan atalandira uthenga adawoloka m'mawa mwake, ndipo wowawolotsa anali a Sebastiano omwewo, amene sankadziwa kuti mayi woimba uja ndi ndani.

"Inu a Yamveka," adatero akuwongolera bwato, "dzulo mudandilakwira. Mayi uja mukadamusiya atchule mudzi, ine ndinali pompano ndi injini yoliza kale. Kaya zidamuthera bwanji."

Amene anali m'bwatomo akuti aka kanali koyamba kuwaona a Duncan atatseka pakamwa.

Kuchipatala adapeza a Esinala atakhala pansi pakhonde. Tsiku limenelo sadapatuke, sadaphimbe nkhope ndi chitenje. Adamuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Amene mudawadula aja ndine."

A Duncan adalowa m'chipinda. Jesinta anali chigonere, atayang'ana kuzenera.

"Tsiku lija," adatero Jesinta ndi mawu otsika, "sindinkafuna kupita kwa amayi. Anamwino adandiuza kusikelo kuti mwana sadakhale bwino, ndikadikirire kuchipatala cha kwathu konkuja, madzi asanabwere. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani."

A Duncan adagwada pambali pa bedi.

"Jesinta, tinene kuti... ine sindidadziwe. Ndikadadziwa, ndithudi, ndikada..."

"Mfundo yanu yamveka," adatero Jesinta, n'kutembenukira kukhoma.

Jesinta atatuluka m'chipatala adapita kwa mayi ake, ndipo mpaka lero sadawolokenso. Pologalamu ya Tiuzeni tsopano amayendetsa ndi Priscilla. A Duncan adapempha okha kuti awasunthire kowerenga mauthenga a maliro, kumene kulibe woimba foni woti iwo amudule mawu. Pamsika palibenso amene amaseka ndi mawu aja. Wina akaiwala n'kuwatchula, anzake amangomuyang'ana, iye n'kugwira pakamwa.

Akuluakulu sadaname: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.