Amene Anasambitsa Mayi a Mfumu

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, Mfumu Mtembanje inafika kwa Shehe Uladi yokhayokha, popanda nduna ngakhale woinyamulira mpando. Inawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa mzikiti, akusoka kanzu yawo imene inang'ambika paphewa. Anapatsana salamu. Shehe anati adzuke, koma mfumu inawagwira dzanja n'kukhala nawo pamkeka womwewo.

Mfumuyi inali itangobwezeredwa pampando. Boma la azungu linaichotsa ndevu zikadali zakuda, n'kukaitaya kumpoto, komwe inakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Inabwerako ndi imvi. Anthu anailandira ndi ng'oma ndi nthungululu, koma iyo tsiku lomwelo inapempha kuti aisonyeze manda a mayi ake, amene anamwalira iyo ili kutali. Inakaima pamenepo n'kulira ngati mwana, nduna zikuyang'ana pansi. Ufumu unabwerera, inde, koma mayi sabwerera.

"Shehe," inatero mfumu, "Lachisanu likubwerali ndikuchita sadaka ya mayi anga. Sindinawadwazike, sindinawaike m'manda. Chimene chatsala m'manja mwanga ndi chimenechi basi."

"Mulungu ailandire, mfumu."

"Koma mtima wanga suli m'malo. Mwambo wa pamudzi pano mukuudziwa. Pasadaka timatchula pagulu amene anasambitsa maliro, n'kumupatsa mbale yoyamba. Ndamva kuti anasambitsa mayi anga ndi Abiti Kalonje."

"Ndi iwowo. Ndinalipo."

"Ndiye ndikawatchule kuti ndani? Agogo awo anafika kuno goli lili m'khosi, atagwidwa ndi agogo anga kutsidya kwa Shire. Akuluakulu amene anandinyamula paphewa aja akuti tibwezeretse zonse monga kale, mfulu zikhale kutsogolo, a kuseri kwa mpanda kumbuyo, aliyense aitanidwe ndi dzina la kumene anachokera. Akuti ndikanene kuti 'kapolo wa pakhomo pathu,' apo ayi ndisawatchule n'komwe. Ndikakati mbale wanga, akuti ndiye kuti nzeru ndinazisiya kumpoto, ndipo amene anandikweza angathenso kunditsitsa."

Mfumu inapumira m'mwamba, kenaka inapitiriza motsitsa mawu.

"Zakale ndimazilakalaka, Shehe, sindikubisirani. Zaka zonse zija ndinkangolota mudzi wa ubwana wanga, mmene unalili, osasintha ngakhale mtengo umodzi. Koma kumeneko ndinalawanso dzina lopatsidwa ndi ena. Panalibe wonditcha Saizi, dzina limene anandipatsa mayi. Ndinali 'Mchawa uja,' 'wobwera uja.' Mpaka lero zimandipweteka. Inu mwawerenga kwambiri. Palibe mawu ena apakatikati, oti akuluakulu asakwiye, Abiti Kalonje nawo asachite manyazi?"

Abale, walira mvula walira matope. Munthu ankalira kale lake, ndipo kalelo linabwera ndi zonse zimene linali nazo.

Shehe anamanga mfundo, kudula ulusi ndi mano, n'kubaya singano pamkeka.

"Mawu apakatikati ndilibe, mfumu, mundikhululukire. Za m'mabuku akuluakulu anuwo amazimva Lachisanu lililonse, n'kuzisiya pakhomo pa mzikiti pamene amavalira nsapato. Ndingokuuzani zimene ndinamva ndi makutu angawa. Mayi anu anadwala miyezi isanu. Achibale ankaopa kuonedwa pakhomo pa mfumu yochotsedwa, ankangodutsa chapatali. Abiti Kalonje ndiwo ankawatembenuza, kuwamwetsa phala, kuwachapira nsalu. Tsiku lomaliza ndinali pakhonde ndikuwawerengera mawu a Mulungu, chitseko chili chotsegula. Mayi anu anaitana dzina lanu katatu."

Mfumu inadziphimba kumaso ndi nsonga ya kilemba chake, nsalu ya kumutu.

"Ataona kuti palibe akuyankha, anagwira dzanja la Abiti Kalonje n'kunena kuti, 'Mwanangu, udzandisambitse ndiwe. Saizi akadzabwera udzamuuze kuti sindinafe ndekha, ndinali ndi mlongo wake.' Uthengawo sunakupezeni, ndikudziwa. Abiti Kalonje akanakuuzani bwanji, pomwe nduna zanu siziwalola ngakhale kuponda pakhonde panu?"

Mfumu inachotsa nsalu ija kumaso. Misozi inkatsikira m'ndevu, ndipo sinaipukute. Chisoni chinaigwira, koma manthanso anali asanachoke.

"Nanga akuluakulu aja, Shehe? Nanga mpando?"

Shehe Uladi anaiyang'ana mwaulemu, n'kuyankha modekha:

"Mpandowo munaupeza bwanji, mfumu? Kuno ufumu umadzera kwa mayi. Akuluakuluwo anakubwezerani pampando chifukwa ndinu mwana wa mayi amenewo, palibenso chifukwa china. Mimba yawo inakupatsani ufumu, pakamwa pawo panakupatsani mlongo, ndipo simungalandire china n'kukana china. Lachisanu mudzaimirire, mudzanene kuti 'mlongo wanga,' mudzamupatse mbale ndi manja anu awiri. Amene adzatsutse sadzakhala akutsutsa inu ayi. Adzakhala akutsutsa mayi anu, ndipo akakonzekere kukawayankha pamaso pa Mulungu."