Funso la Che Ajibu pa Msewu wa ku Thondwe

Alamu anga Che Ajibu anafika pakhomo pa Shehe Dinala tsiku lina Loweruka, Swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, itangotha, ndipo wowaperekeza ndinali ine. Anavala mkanjo watsopano woyera mbee ndi nsapato zonyezimira, mafuta onunkhira akumveka munthu ukadali patali. M'njira ndinawaseka kuti kodi tikukafunsa nzeru kapena tikukafunsira mbeta, iwo n'kungoti munthu akakwezedwa pa ntchito azioneka. Chilamu chathu n'chotero, sitikwiyirana.

Che Ajibu anakwatira mlongo wanga, Abiti Sumani, ndipo monga mwa mwambo wa kwathu ku Ntaja, anamanga pamudzi pathu. Anali kalaliki pa sitolo ina yopikulitsa katundu. Chaka chimenecho mabwana awo anawakweza kuti akayang'anire nyumba yosungiramo katundu ku Limbe, ndipo anafuna kutenga mkazi ndi ana awo atatu. Poti mwini mbumba ndine, mlongo wanga sakanachoka pamudzi ine osavomera. Kusamukako sindinakane ayi. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali nyumba yokakhalamo.

Nyumba zinapezeka ziwiri. Ina inali ku Bangwe, ya zipinda ziwiri, mumpanda umodzi ndi mabanja ena, mpopi ndi bafa zogawana, koma pafupi ndi kuntchito moti munthu wamphamvu atha kuyenda wapansi. Inayo inali ku Thondwe, cha kufupi ndi Zomba: zipinda zinayi, khonde lalikulu, mitengo ya mango ndi mapeyala, khola la nkhuku, ngakhale kadimba kumunsi kwake. Lendi yake sinkasiyana kwenikweni. Mtima wa alamu unali utagona kale ku Thondwe. Zithunzi za nyumbayo anaonetsa pa foni mudzi wonse, mpaka agogo osaona bwino anawagwiritsa foniyo kuti ayamikire. Za msewu ankangoti maminibasi ndi ambirimbiri, palibe vuto.

Mlongo wanga atafunsidwa maganizo anayankha kuti zili kwa inu, bambo a Hawa. Alamu anamva ngati wavomera. Ine amene ndinakula naye ndimadziwa kuti mlongo wanga akati zili kwa inu, ndiye kuti mtima wake wakana. Anandipeza kuseri kwa madrasa kumene ndimaphunzitsa, misozi ili chuchuchu, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kumeneko ndikadziwa ndani? Iwowa azikachoka kusanache n'kumabwera kutada. Ndikakhala ndi makoma anayi basi." Zinandipweteka kwambiri. Koma ndikanati ndilankhule ndine, alamu akanati mwini mbumba akuchita nsanje ndi nyumba yabwino. Choncho pamene iwo eni anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa a Shehe, ati ali ndi funso la chipembedzo, ndinavala nsapato msangamsanga.

Shehe Dinala anali nkhalamba yochepa thupi, yolankhula motsitsa. Anaphunzira zaka zambiri, ndipo aphunzitsi ambiri a m'dera lathu, ine ndemwe, tinadutsa m'manja mwawo. Chimene ndinkawakondera n'chakuti mawu oti sindikudziwa sankachita nawo manyazi. Tinawapeza pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti umene unali utayamba kumasuka m'mphepete. Tinapereka salamu, anatilandira, anatifunsa za kunyumba mmodzimmodzi, ana, mvula, matenda, osafulumira. Kenaka anaika singano pambali n'kutchera khutu.

Che Ajibu anakonza kukhosi n'kuyamba ndi mawu oti safunsa anadya phula. Anafotokoza za kukwezedwa kwawo, mwina motalikitsa pang'ono kuposa mmene zinafunikira, ndipo a Shehe anawayamikira ndi kuwapempherera madalitso. Anafotokozanso za nyumba ya ku Thondwe mpaka mapeyala. Ndiye anafika pa funso lenileni.

"A Shehe, ine tsiku lililonse ndizikhala pa msewu, kupita ku Limbe ndi kubwerera. Ndinamva kuti munthu wa paulendo amaloledwa kufupikitsa Swala, ndiponso kuphatikiza ziwiri n'kuziswali nthawi imodzi. Kodi chilolezo chimenechi chikundikhudza inenso?"

Munthu akusamutsa banja lonse, koma funso limene wabwera nalo ndi la kudula Swala!

A Shehe sanaseke. Anafunsa bwinobwino kuti Thondwe ndi Limbe zatalikirana bwanji, ndipo atamva, anayankha mosazungulira. Anati chilolezocho chilipodi, ndi chifundo cha Allah pa anthu oyenda, koma mtunda umenewo sufika pa mlingo umene anthu ophunzira anaika. Swala zonse aziswali zathunthu, iliyonse pa nthawi yake. Anawalimbitsa mtima kuti zimenezo n'zotheka: Subuhi ya m'bandakucha aziswali asanatuluke m'nyumba, za masana kuntchito, Magharibi ya polowa dzuwa mumzikiti wa ku Limbe asanakwere galimoto. Alamu anaoneka okhumudwa pang'ono, komabe anathokoza mwaulemu n'kuyamba kusuzumira kumene anavula nsapato.

"Funso lanu layankhidwa," anatero a Shehe. "Kodi mungandilole nanenso ndifunseko? Ine za m'tauni sindizidziwa. Mundiphunzitse."

Alamu anakhazikikanso, ndipo ndinaona kuti akondwa kukhala mphunzitsi wa a Shehe. A Shehe anafunsa kuti minibasi imanyamuka nthawi yanji. Alamu anati ilibe nthawi, imanyamuka ikadzadza, ndiye munthu wofuna kufika msanga amalawirira kukadali kamdima. Nanga m'njira? Anati imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ena atsike, ena akwere, matumba a makala ndi madengu a tomato amangidwe, kwinanso apolisi ayang'ane mapepala. Nanga madzulo? Apa alamu anaseka, n'kunena kuti madzulo ku Limbe ndiye nkhondo, anthu kulimbirana pakhomo, ndipo nthawi ya mvula umangopemphera. Ankafotokoza mokoma ngati akusimba za mpira, osazindikira kumene nkhani ikulowera.

"Mukamatuluka m'mawa, ana adzakhala atadzuka?"

"Ayi, a Shehe, adzakhala akadagona."

"Nanga pobwera?"

"Wamkulu mwina ndizimupeza ali maso. Ang'onowo ndiye ayi."

A Shehe anafunsa za Loweruka, alamu n'kuti amagwira mpaka masana. Anafunsa za mwezi wa Ramadhani, kuti dzuwa likalowa azikamasulira kuti kusala kwawo. Alamu anati aziyenda ndi botolo la madzi ndi kanthu kena m'thumba, azimasula ali kudepoti. Anayankha motsitsa, chifukwa ku Ntaja aliyense amadziwa kuti Che Ajibu sankamasula ana awo asanakhale pamkeka mowazungulira.

"Nanga Abiti Sumani ali ndi m'bale ku Thondwe? Mnzawo wapamtima? Wina woti mwana akatentha thupi masana angamugogodere?"

Alamu anati palibe, koma anthu amazolowerana. A Shehe anagwedeza mutu kuvomereza kuti amazoloweranadi, kenaka anafunsa chimene Abiti ananena pa nkhaniyi. Alamu anati anena kuti zili kwa ine. A Shehe anandiyang'ana ine kamodzi kokha, ine n'kuyang'ana pansi. Sanafunsenso.

Apa alamu anatentheka. Koma ulemu sanataye. Anati iwo sakufuna nyumba yaikulu chifukwa cha matama. Ali mwana, bambo awo atamwalira, analeredwa ndi amalume awo mu lokeshoni ina ku Blantyre, anthu ambirimbiri m'chipinda chimodzi, ngalande yonunkha ikudutsa pakhomo, zidakwa zikutukwana kuseri kwa zenera. Analumbira ali mnyamata kuti ana awo sadzakulira malo otero.

"Kodi kufunira ana malo abwino ndi kulakwa, a Shehe? Wotopa ndi msewuwo ndikhala ine, osati iwo. Ine ndalolera."

Ndinene zoona, apa ndinawamvera chisoni alamu anga. Ndakhala nawo zaka zonsezi tikunyozana ndi kuseka, koma nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Ndinali nditangoona mkanjo ndi zithunzi za pa foni.

A Shehe anati cholinga chimenecho n'chabwino ndipo Allah amachiona, pakuti mwamuna wololera kutopa kuti ana ake agone pabwino si munthu womunyoza. Ndiye anatisimbira za ubwana wawo, zimene ngakhale ine wophunzira wawo ndinali ndisanamvepo. Anati bambo awo anapita ku migodi ya ku Joni iwo ali aang'ono, n'kukhalako zaka. Mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomo paja palibe bambo. Choncho amalume ankabwera kudzafolera denga, kudzawatengera ku madrasa, kudzawadzudzula akapulupudza. Azakhali ndi anansi ankasuzumira m'mawa ndi madzulo. Anati bambo ankawasowa, inde, koma malo awo sankakhala opanda munthu.

"Inu nkhani yanu ndi ina, Che Ajibu. Inu muzikagona pakhomo tsiku lililonse. Aliyense adzati bambo alipo. Alamu anuwa ali ku Ntaja adzati alipo. Anansi a ku Thondwe adzaona nsapato zanu pakhonde Lamulungu, adzati alipo. Palibe adzabwere kudzaima m'malo mwanu, chifukwa palibe adzadziwe kuti malowo ali opanda munthu. Odziwa adzakhala Abiti Sumani ndi anawo. Ndipo mukhala mutawachotsa pakati pa abale amene akanawathandiza."

Alamu anavula chisoti, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuchivalanso. Zimene ndinalephera kunena kwa milungu yonse ija, nkhalamba iyi inazinena osakweza mawu, osamuchititsa munthu manyazi.

Patapita nthawi alamu anafunsa, tsopano opanda matama aliwonse, ngati a Shehe akuwalamula kuti atenge nyumba ya ku Bangwe, ndi kuthinana kwake konse, ndi mpopi wake wogawana. A Shehe anati iwo salamula m'nyumba ya munthu, ndipo Bangwe sanafikeko. Anati mwina ku Limbe kuli nyumba ina yoposa imeneyo, afufuze. Mwinanso angayambe apita okha, banja n'kutsatira pambuyo. Anawalangiza kuti akakhale pansi ndi Abiti, awafunse kachiwiri, ndipo ulendo uno adikire yankho lachiwirilo, poti loyamba la akazi athu nthawi zambiri limakhala la ulemu chabe. Apo tonse tinaseka pang'ono, ngakhale alamu.

Koma alamu anaumirira. Anati abwera kudzafuna mawu a a Shehe, ndipo sachoka ndi mwina ndi mwina.

Mawu amene a Shehe ananena pamenepo ndi amene anatengera banja la mlongo wanga ku Bangwe. M'nyumba ya zipinda ziwiri ija anakhalamo zaka zingapo asanapeze ina yokulirapo kufupi komweko. Kuthinana kunalipo, mikangano ya pa mpopi inalipo, ndipo alamu mpaka lero akaona mapeyala pamsika amausa moyo. Koma ndinapitako mwezi wina wa Ramadhani, n'kuwapeza afika kale pakhomo dzuwa lisanalowe, wamng'ono ali pamiyendo, Hawa akuwawerengera zimene waphunzira ku madrasa, mlongo wanga akuseka kukhitchini ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Ndinathokoza Allah, ndipo ndimathokozabe. Shehe Dinala anatisiya, Allah awachitire chifundo, ndipo sindiiwala kuwapempherera. Ophunzira anga akamakula n'kuyamba kupeza ntchito m'matauni, ndimawabwerezera yankho lija monga ndinalimvera pakhonde paja.

A Shehe anatola singano yawo, koma asanayambe kusoka anawayang'ana alamu m'maso, nati:

"Che Ajibu, munthu akagona n'kupitirira nthawi ya Swala, akadzuka amaibweza. Wa paulendo akamasula m'mwezi wa Ramadhani, masiku amenewo amadzawabweza mwezi wina. Allah ndi wachifundo, pa zimene zili zake anatisiyira njira yobwezera. Koma ine ndakalamba ndi mabuku, ndipo sindinapezemo tsiku limene bambo amabwezera mwana ubwana umene unadutsa iye ali mu minibasi. Swala isiyeni mmene ilili, mwana wanga. Choti mufupikitse ndi msewuwo."